MAPULOTI A MUMLENGALENGA: ANAGAWA NDANI, ANATENGA NDANI?

*Uthenga kwa achinyamata tonse. Werengani mpaka kumapeto, kenako mutumize m'magulu anu.*

 Uthenga wa lero ndi wautali, pepani. Ndikudziwa kuti ena mwatsala ndi ma MB owerengeka, nde sindinaikemo chithunzi kapena vidiyo. Ndi mawu okhaokha, sakudyerani bandulo.

Nthawi iliyonse mtengo wa bandulo ukakwera timachita zomwezomwezo. Timatukwana pa Facebook, timapanga ma meme, timakalipira mayi wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera ngati kuti mtengo anaika ndi iyeyo. Pakatha masiku atatu tonse zii, takagulanso bandulo yomweyo. Akuluakulu anatizolowera. Amadziwa kuti ukali wathu umatha msanga kuposa bandulo ya tsiku limodzi.

Lero ndikufuna tikambe za malo amodzi kumene mtengo umenewu umayambira, komwe ambirife sitinasuzumireko. Pachingerezi amati spectrum. Ife tizingoti mafunde.

*MAFUNDEWA NDI CHIYANI?*

Foni yanu ilibe chingwe. Mawu anu, voice note yanu, CV yomwe mwatumiza m'mawa uno, zonsezi zimachoka pafoni kupita pa nsanja zitakwera mafunde a wayilesi. Ndi mtundu womwewo wa mafunde omwe amabweretsa mpira pa wayilesi ya agogo, kusiyana kwake ndi nambala basi. Wayilesi za FM zimakhala pakati pa 88 ndi 108 MHz. Mafoni ali pamwamba pake: 800, 900, 1800, 2100, 2600, mpaka cha m'ma 3500 MHz kumene mayiko ambiri aikako 5G.

Makampani awiri sangaulutse pa nambala imodzi m'dera limodzi. Zingasokonezane ngati mmene wayilesi ziwiri zimalowererana ukamayenda pa minibasi. Choncho pamafunika wina wogawa, wonena kuti iwe tenga kuyambira apa mpaka apa, iwe tenga apo. Ndi mapuloti ndithu, kungoti ndi a mumlengalenga. Ndipo ngati mapuloti a pansi pano, alipo abwino ndi oipa, ndipo abwinowo ndi ochepa.

Puloti yabwino ndi iti? Mafunde a nambala zotsika, ngati 700, 800 ndi 900 MHz, amafika patali ndipo amaloŵa bwino m'nyumba. Nsanja imodzi imakwanira dera lalikulu. Amenewa ndiye dimba la m'mbali mwa mtsinje, makamaka m'dziko ngati lathu lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Mafunde a nambala zokwera amanyamula data yambiri koma safika patali, nde amayenera m'tauni momwe anthu ndi othithikana.

Chinanso: kukula kwa puloti. Kampani ikakhala ndi ma MHz ambiri ili ngati msewu wa mizere inayi. Ikakhala ndi ochepa ili ngati kamsewu ka m'makwalala, magalimoto ake ndi omwewo koma onse akungokwawa. Netiweki ija imafooka ikamakwana 7 koloko madzulo, aliyense ali pafoni, nthawi zambiri vuto lake ndi limeneli. Kampani yopanda mafunde okwanira imayenera kumanga nsanja zambiri kuti ipirire, ndipo nsanja iliyonse imafuna malo, magetsi, dizilo, mlonda. Ndalama zimenezo amazitenga kuti? M'thumba mwanumo.

Nde mwaona. Wogawa mafunde ndi amene amasankha kuti mumsika mulowa makampani angati, wamphamvu akhala ndani, ndipo kumudzi kwanu netiweki ifika kapena ayi.

*MWINI WAKE NDANI?*

Mafunde sanapange ndi kampani iliyonse. Sanabwere pa sitima kuchokera kunja. Ndi chuma cha dziko ngati nyanja ya Malawi kapena phiri la Mulanje. Padziko lonse bungwe la ITU, lomwe lili ku Geneva, ndi limene limagwirizanitsa mayiko kuti gawo ili likhale la ndege, ili la TV, ili la mafoni. Koma m'dziko muno wopereka mapulotiwo kwa makampani ndi MACRA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la Communications Act la 1998, ndipo pano ikuyendera lamulo latsopano la 2016.

MACRA si mwini mafunde. Ndi kapitawo wongosungira eni ake. Gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo ozigwiritsa ntchito anangopatsidwa kuti atumikire anthuwo. Eni ake ndi ife. Kampani ikalandira mafunde yangobwereka kwa zaka zowerengeka, sinagule.

Tsopano tayesani izi. Funsani munthu aliyense amene muli naye pafupi, ngakhale wa digiri, kuti kampani ya simu khadi yakeyo ili ndi ma MHz angati, inalipira zingati, chiphaso chake chitha liti, ndipo inalonjeza kufika madera ati. Ayamba kukanda m'mutu. Ineyo ndakhala zaka zinayi pa yunivesite, palibe tsiku ndinamvapo nkhaniyi m'kalasi, pa wayilesi kapena pamsonkhano wa kampeni. Mtengo wa fetereza timaudziwa, wa shuga timaudziwa, koma chuma ichi chimagawidwa eni akefe tili kutulo.

Makolo athu zinawachitikirapo. M'zaka za m'ma 1890 atsamunda anapereka mapepala otchedwa Certificates of Claim, ndipo minda yachonde ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu inapita kwa anthu ochepa. Eni nthaka anadzuka tsiku lina n'kupeza kuti ndi alendo pamalo pawo, akugwira thangata kuti asathamangitsidwe. Anagonja ndi pepala lomwe sanaliwerenge. Ife timatha kuwerenga, aise. Tikagonja ndi pepala nafenso, chowiringula tilibe.

*ZAKA ZONSEZI, AWIRI OKHA*

TNM inayamba mu 1995. Celtel inabwera mu 1999, inasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Kuyambira nthawi imeneyo maboma asintha, a UDF, a DPP, a PP, a Tonse, koma msika wa mafoni a m'manja wakhala m'manja mwa awiri omwewa. Ambirife tinabadwa zili choncho ndipo takula zili choncho.

Musaganize kuti ziphaso zina sizinaperekedwe. Mu 2009 G-Mobile inalandira chiphaso choti ikhale kampani yachitatu. Mu 2011 Celcom nayo inalandira. Pambuyo pake tamvanso mayina ena, ndi malonjezo omwewo oti mitengo itsika. Alipo pagulu pano amene anaimbapo foni ndi simu khadi ya G-Mobile kapena ya Celcom? Akweze dzanja.

Chiphaso cha mafoni chimayenda ndi mafunde. Kampani ikalandira chiphaso n'kulephera kuyamba, puloti ija imangomera tchire kwa zaka, wina yemwe akanalima sangaiyandikire. Ndipo mafunde sasungika m'nkhokwe ngati chimanga. Mafunde omwe sanagwire ntchito chaka chatha apita basi, madzi akatayika saoleka. Chaka chilichonse chomwe puloti inakhala yosalimidwa ndi chaka chomwe ife tinalipira mtengo wa msika wa anthu awiri.

Ndimvetseni bwino. Sindikunena kuti TNM kapena Airtel anaba mafunde. Kampani ndi kampani, ntchito yake ndi kupanga phindu, ndipo onse awiriwa ali pa Malawi Stock Exchange komwe eni masheya amadikira gawo lawo chaka ndi chaka. Fisi sungamuimbe mlandu chifukwa chokonda nyama. Mlandu umapita kwa amene anapatsidwa khola kuti alondere. Mumsika wa ogulitsa awiri, aliyense amangosuzumira mtengo wa mnzake n'kuika wofanana nawo, sipafunikanso kupangana. Amene ali ndi mphamvu yotsegula chipata kuti wachitatu weniweni alowe ndi wogawa mafunde uja.

Komatu MACRA mano ili nawo. Mu 2022 inalanda ziphaso za mawayilesi ndi ma TV angapo, kuphatikizapo Rainbow TV, chifukwa cha ngongole za ndalama za chiphaso. Atolankhani achinyamata anagona ali pantchito n'kudzuka ali malova. Tikufuna mano omwewo tiwaone akuluma aliyense amene wakhalira mafunde a mafoni osawagwiritsa ntchito, kapena amene analonjeza kufika kumidzi n'kukathera pa trading centre.

*MPHATSO YA KILIYE KILIYE*

Mukukumbuka nthawi ija tinauzidwa kuti TV zakale zisiya kugwira, aliyense agule dikoda ya Kiliye Kiliye? Mayiko a chigawo chathu anagwirizana ku Geneva mu 2006 kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasamuka kuchoka pa TV ya analogi kupita pa dijito. Tinauzidwa za zithunzi zowala ndi matchanelo ambiri. Phindu lalikulu linali kwina. TV ya dijito imalongedza matchanelo ambiri pamalo pomwe kale pankakwana imodzi yokha, nde mafunde ambiri amatsala opanda ntchito. Otsalawo ndi a 700 ndi 800 MHz, dimba la m'mbali mwa mtsinje lija.

Makolo athu ndi amene anatulutsa ndalama kugula madikoda kuti mafunde amenewa amasuke. Tsono ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti dimbalo anapatsidwa ndani, pamtengo wanji, ndipo wolandirayo analonjeza kubweza chiyani.

Mayi anga kumudzi mpaka lero akafuna kundiimbira amakwera pachulu kuseri kwa tchalitchi. Mvula ikagwa sitilankhulana. Mwezi wathawu ndinkatumiza kalata yofunsira ntchito, tsiku lotsekera linali lomwelo, fayilo inangozungulira pa 80 peresenti mpaka bandulo inatha. Ndinakongola ina, nayonso inatha. Ntchito mwina sindikanaipeza, koma ngakhale pamzere sindinaimepo. Ndikudziwa kuti aliyense pagulu pano ali ndi nkhani yake ngati imeneyi.

*ANZATHU ZINAWAYENDERA BWANJI?*

Ku South Africa boma linakhala zaka zoposa khumi osagawa mafunde atsopano, akuluakulu akungokokanakokana. Achinyamata anayamba #DataMustFall mu 2016. Bungwe loona za mpikisano pa malonda linafufuza, ndipo lipoti lake la December 2019 linapeza kuti data ikudula mopyola muyeso, makamaka kwa osauka omwe amagula timabandulo ting'onoting'ono. Mu 2020 Vodacom ndi MTN anavomera kutsitsa mitengo. Mu March 2022 bungwe la ICASA linachititsa okushoni ya mafunde poyera, makampani asanu ndi imodzi anapikisana, ndipo boma linapeza ndalama zoposa R14.4 biliyoni. Aliyense anadziwa kuti wapeza gawo liti ndani ndipo walipira zingati. Opambana anapatsidwanso ntchito: kulumikiza masukulu ndi zipatala, komanso kulola anthu kutsegula masamba ena othandiza anthu osadya data.

Ku India mu 2008 ziphaso za 2G zinaperekedwa mwa njira yoti wofika msanga ndiye watenga, pamitengo yakale. Mu February 2012 khoti lalikulu la dzikolo linafafaniza ziphaso 122, likunena kuti chuma cha anthu sichigawidwa choncho. Zoona, nduna ndi anzake omwe ankazengedwa milandu anadzamasulidwa mu 2017. Koma mfundo ya khoti lalikulu ija inatsala: mafunde ndi a anthu, ndipo kagawidwe kake kayenera kuonekera.

Tsono musathamangire kunena kuti mankhwala ndi okushoni basi, wolemera atenge ngati fodya ku Kanengo. Ku Ghana mu 2015 boma linaika mtengo wa $67.5 miliyoni pa gawo limodzi la 800 MHz. Kampani imodzi yokha, MTN, ndi yomwe inagula. Inayamba 4G anzake akuonerera, ndipo pofika 2020 boma lomwelo linalengeza kuti MTN yakula mopyola pamsika, pakufunika kuiweta. Boma likachita dyera pogulitsa mafunde, wamkulu amakulirakulira, wamng'ono amafa, ndipo ndalama zomwe kampani yalipirazo imadzazitolera kwa inu pa bandulo. Walira mvula walira matope.

Phunziro ndi lakuti mafunde akagawidwa mumdima timaluza, akagulitsidwa modula kwambiri timaluzanso. Chofunika ndi kugawa poyera, pamtengo wanzeru, ndipo wolandira asaine kuti abweza chiyani kwa eni ake: madera angati, liwiro lanji, pofika liti.

*KODI AMPHAWI SANGAKHALE NDI PULOTI?*

Apa ndi pomwe ndikufuna mutchere khutu. Wi-Fi yomwe timaisaka m'malesitilanti ija imayenda pa mafunde a 2.4 ndi 5 GHz, omwe m'mayiko ambiri munthu amagwiritsa ntchito m'nyumba mwake popanda kupempha chiphaso. Dziko la America linatsegula mafunde amenewa mu 1985 anthu akuwaona ngati kudzala. Lero ndi amene anyamula intaneti ya m'nyumba ndi m'maofesi padziko lonse. Kadambo kakang'ono kanasiyidwa kuti aliyense adyetsepo mbuzi, ndipo taonani zomwe kanabala.

Ku Mexico, m'mapiri a Oaxaca, muli mudzi wotchedwa Talea de Castro. Makampani akuluakulu anakana kupitako, ati kulibe phindu. Mu 2013 anthu a m'mudzimo, mothandizidwa ndi bungwe la Rhizomatica, anaimika netiweki yawoyawo ya mafoni. Boma la Mexico m'malo mowagwetsera nsanja linapatula kagawo ka mafunde a 850 MHz kuti kakhale ka madera ngati amenewa, ndipo mu 2016 bungwe la midziyo linalandira chiphaso.

Wina anena kuti zimenezo ndi za kunja. Ayi ndithu. Mu 2013 ku Zomba konkuno, akatswiri a fizikisi a ku Chancellor College motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, mogwirizana ndi MACRA yomweyi, anayesa kutumiza intaneti pa mafunde a TV omwe sakugwira ntchito, omwe amatchedwa TV White Spaces. Analumikiza malo angapo, kuphatikizapo sukulu ya atsikana ya St Mary's. Malawi anali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kuyesa zimenezi. Nzeru zinalipo, ana a dziko lino anaonetsa kuti zimatheka. Padutsa zaka zoposa khumi. Sukulu ya kumudzi kwanu ili ndi intaneti?

MACRA yomweyi inalengezanso ntchito ya Yathu Yathu Data, yoti makopaletivi azipereka intaneti m'madera akumidzi kudzera mu thumba la Universal Service Fund, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016. Ganizolo ndi labwino ndipo sitikulinyoza. Koma ntchito yoyendera chifundo cha ofesi imatha tsiku lomwe bwana wasintha. Chomwe tikufuna ndi ufulu wolembedwa m'malamulo, woti gulu lililonse la achinyamata, kopaletivi, sukulu kapena mpingo ukakwaniritsa zofunika uzilandira kachiphaso kotchipa ndi kagawo ka mafunde m'dera lomwe akuluakulu sakuligwiritsa ntchito. Chaka ndi chaka MUBAS, MUST, Mzuni ndi UNIMA akutulutsa achinyamata odziwa kuimika netiweki. Ambiri akungokonza mafoni osweka pakhonde la sitolo, pomwe mafunde a kumudzi kwawo akungodutsa m'mwamba opanda wowagwira.

*ZOMWE ATIYANKHE TIKUZIDZIWA KALE*

Anena kuti data imadula chifukwa cha misonkho. Zoona. Mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi ma SMS, pamwamba pa VAT. Umenewo nawo uchoke, tidzaukamba tsiku lake.

Anena kuti kwacha inagwa, ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe zipangizo zimagulidwa ndi madola. Anena kuti magetsi akazima nsanja zimamwa dizilo, komanso kuti dziko lathu lilibe doko nde intaneti imachita kudzera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Zonsezi ndi zoona, sitikutsutsa.

Koma taganizani. Mtengo wa dizilo padziko lonse sitingausinthe. Nyanja yamchere sitingaikokere ku Nsanje. Pa zinthu zonse zomwe zimakweza mtengo wa data, mafunde ndi chinthu chomwe chili m'manja mwathu ndipo sichifuna forex kuti chigawidwe bwino. Chimafuna cholembera ndi chilungamo basi. Ndipo ngati madola ndi osowa, ndiye chifukwa chachikulu choperekera mafunde ofika patali kwa amene awagwiritse ntchito, kuti nsanja imodzi igwire ntchito ya nsanja zingapo.

Anena kuti msika wathu ndi waung'ono, sungadyetse makampani atatu. Ngati zili choncho, lamulani kuti nsanja zizibwerekanidwa pamtengo wodziwika, ndipo kampani yatsopano iziloledwa kudutsa pa netiweki ya akale pamene ikumanga yake. Kupereka chiphaso kwa mwana wakhanda n'kumusiya alimbane yekha ndi zimphona za zaka pafupifupi 30 ndi kumutumiza kukafa. Kenako mudzati mwaona, tinayesa.

Anena kuti Starlink inafika mu 2023, mpikisano ulipo kale. Pagulu pano angagule mbale ija n'kumalipira mwezi ndi mwezi ndi angati? Ife intaneti yathu ili pa foni ya m'thumba.

Pomaliza anena kuti nkhaniyi ndi ya mainjiniya, ana inu simungaimve. Mwawerenga mpaka pano, chilipo chomwe simunamve? Kuwerengera mphamvu ya nsanja ndi ntchito ya injiniya, sitikulanda. Koma funso loti chuma cha anthu apatsidwe ndani ndi la mwini chuma. Kuti ufunse yemwe wagulitsa munda wa agogo ako sufunika digiri ya zaulimi.

*ZOMWE TIKUFUNA*

1. Kaundula wa poyera. Tsamba limodzi losavuta, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, lotseguka osadya data, losonyeza gawo lililonse la mafunde a mafoni, amene analitenga, ma MHz ake, ndalama zomwe amalipira, tsiku lomwe chiphaso chithere ndi zomwe analonjeza.

2. Lima kapena upatse ena. Aliyense wokhalira mafunde osawagwiritsa ntchito m'dera lina apatsidwe nthawi yodziwika. Ikatha, abweze kapena alole ena agwiritse ntchito m'deralo.

3. Pasakhale kugawa kapena kuwonjezera nthawi ya chiphaso cha mafunde popanda kumva maganizo a anthu. Misonkhano yake izichitikira m'maholo a m'madera ndi pa wayilesi, m'zilankhulo zathu, osati mu hotela ya kunyanja ndi anthu oitanidwa okha.

4. Malire a puloti. Kampani imodzi isakhale ndi gawo lopyola muyeso la mafunde a pansi pa 1000 MHz, ndipo padzipatulidwa gawo la wobwera kumene.

5. Gawo la madera. Chiphaso chotchipa ndi mafunde opatulidwa a manetiweki a makopaletivi, masukulu ndi magulu a achinyamata, zolembedwa m'malamulo.

6. Lipoti la chaka ndi chaka la ndalama za mafunde ndi za Universal Service Fund: zalowa zingati, zamanga nsanja zingati, m'maboma ati. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zofalitsa nkhani izilikambirana anthu akumvera.

Palibe chomwe chikufuna ngongole ya IMF pamenepa.

*NDE TIPANGE CHANI?*

Tili ndi chida chomwe sitichigwiritsa ntchito mokwanira. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Limapatsa Mmalawi aliyense ufulu wopempha uthenga ku bungwe la boma, ndipo bungwelo liyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakukanizani kapena akangokhala chete, nkhani mukhoza kuipititsa ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imayang'anira lamuloli.

Sabata ino aliyense alembe kalata yake kwa ofisala wopereka uthenga ku MACRA. Ikhale yaifupi ndi yaulemu, yokhala ndi dzina lanu lenileni. Mufunse zinthu zinayi: mndandanda wa onse omwe ali ndi mafunde a mafoni ndi ma MHz awo, ndalama zomwe aliyense amalipira pachaka, zomwe analonjeza pa kafikidwe ka netiweki ndi pomwe afika, komanso mafunde omwe sanaperekedwe kwa aliyense ndi pulani yake. Sungani kope, lembani tsiku lomwe mwapereka, muyambe kuwerenga masiku. Kalata imodzi akhoza kuiponya mu kabati. Makalata ochokera m'makomboni onse a m'mizinda inayi kabatiyo siitseka.

Chachiwiri, MP wanu. Nambala yake inali paliponse nthawi ya kampeni. Mamembala a bodi ya MACRA amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko ndipo amatsimikizidwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo, nde aphungu asakuuzeni kuti sizikuwakhudza. Mufunseni ngati akudziwa amene ali ndi mafunde a 800 MHz m'dera lake. Akayankha, tumizani yankholo pagulu. Akapanda kuyankha, tiuzeninso.

Chachitatu, imbirani kwanu. Funsani amayi, agogo, asuweni kuti netiweki amaipeza pati, pachulu, pamtengo wa mango kapena pamwamba pa njerwa. Lembani dzina la mudzi, T/A ndi boma, mutumize kwa ma admin a gulu lanu. Tipange mapu athuathu oti tidzawaike pambali pa mapu okongola aja a m'malipoti.

Chonde, nsanja musazigende, zingwe musadule, mabatire musabe, ndipo wogulitsa mayunitsi musamuvutitse. Nsanja ikagwa, woyamba kuvutika ndi mayi woyembekezera yemwe akufuna kuitana galimoto usiku. Ndewu yathu ndi ya mapepala, chifukwa chumachi chimapitanso ndi mapepala.

Mu 2020 tinakuwa kuti data itsike mtengo, ndipo mtengo wa data yopanda bandulo unatsikadi. Zinaonetsa kuti akamva phokoso amasuntha. Koma tinapempha kuchotseredwa mtengo basi, kagawidwe tinakasiya momwemo, nde mitengo inadzakweranso ife tikuyang'ana kwina. Ziphaso za mafunde zimakhala za zaka zambiri, kawirikawiri khumi kapena kuposa. Zomwe zisainidwe panopa za 5G tidzakhala nazo mpaka ana athu adzayambe sukulu. Tikachedwa, tidzauzidwa kuti pepala linasainidwa kale.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene bandulo ikumupweteka ndi iwe ndi ine, si bwana amene data yake imalipiridwa ndi ofesi.

Tumizani uthengawu m'magulu atatu: la kusukulu, la kumpingo kapena kumzikiti, ndi la kumudzi. Amene alibe data muwerengereni mokweza. Kalata ija ilembedwe lisanafike Lachisanu, ndipo mukapereka jambulani chidindo cha tsiku mutitumizire.

Mlengalenga ndi wathu. Tiuzeni amene munamupatsa.